Mfuti ya Agogo ndi Sandipepala Wanga

Lolemba, 9 Juni

Mfuti ya agogo aamuna ili pansi pa benchi kushopu kwanga, yokulunga m'bulangete. Ndaitenga dzulo m'kabati ya malemu bambo, achemwali anga ali kalikiliki kugawa mipando ndi mapoto. Atandipeza pageti ndinati ndikungokaisunga, m'nyumbamo muli chinyezi. Iwo amvekere, "Usaigwiregwiretu mpaka azakhali abwere Loweruka." Ndinagwedeza mutu.

Zoona zake n'zakuti ndikufuna kudziwa kuti ingagulidwe zingati, ena asanaganize zomwezo.

Lachiwiri, 10 Juni

Kulemera kwake. Siingaombenso, paipi yake anaitseka ndi chitsulo kalekale, chikalata cha apolisi chili m'bulangete momwemo. Koma uve. Thabwa lake lakuda bii, ndipo mbali yotsamiritsa paphewa inali zokandakanda zokhazokha, ngati mwana ankaseweretsapo msomali.

Kasitomala wa matebulo sanabwere, ndiye ndinaiika pabenchi. Sandipepala wokhakhala, kenako wosalala, kenako vanishi kawiri. Zaka makumi awiri ndili kalipentala, sindinapalepo thabwa lokoma chonchi. Ndinafika poitana wowotcherera zitsulo wa khomo linalo kuti adzaione. Anati ikuoneka ngati yatuluka m'fakitale lero.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinapita nayo kunyumba yosungira zinthu zakale. Amene amayang'anira zida ndi bambo wina wa magalasi okhuthala, wolankhula pang'onopang'ono. Anavala magolovesi n'kuyamba kuwerenga zidindo za pachitsulo. Akuti ndi ya asilikali ndithu, inapangidwa zaka zoposa zana zapitazo, ndipo manambala a zitsulo zake zonse akufanana, zimene sizipezekapezeka. Mtima wanga unali utayamba kale kuvina.

Kenako anaitembenuza, n'kununkhiza thabwa.

"Vanishiyu ndi wa liti?"

"Tinaipeza choncho."

Anadina ndi chala, golovesi n'kumata. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti ogula zakale amafuna chinthu monga chinalili, ndiye tsopano mwina angapereke theka la mtengo wake. Zimenezo ndikanapirira. Koma anaipendeketsa pawindo n'kundionetsa timizere tiwiri tosaoneka bwino.

"Apa panali zilembo, bambo. Mfuti za mtundu uwu zilipo zambiri. Chimene chikanatiuza za iyiyi ndi chimene chachokapo. Munaijambula musanaipale?"

Ayi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndafupikitsa miyendo iwiri ya tebulo la eni ake. Chakudya chamasana ndabwerera nacho.

Lachisanu, 13 Juni

Ndayesa kukumbukira zimene zinali pathabwa la mfuti paja. Maola atatu ndinaweramirapo Lachiwiri lija, koma ndinkaona litsiro basi.

Achemwali aimba foni. Akuti azakhali akungokamba za mfuti, akufuna aigwire, "pali anthu awo pamenepo." Sindinafunse kuti anthu ake ati.

Ndilembe ndi ichi chomwe. Masana ndinatenga msomali ndi kachidutswa ka thabwa, n'kuyamba kuyeserera zokandakanda. Azakhali ali ndi ng'ala m'maso monse muwiri, ndinkati sangadziwe. Akazi anga atandipeza anayang'ana kathabwako, n'kuyang'ana ine. "Bambo, mlongo wawo wa bambo anu ameneyo. Mungokanena." Ndinakaponya m'mulu wa zopalapala.

Loweruka, 14 Juni

Pabalaza pa malemu bambo patsala mipando itatu. Azakhali anakhala wapakati, ine n'kuwaika mfuti pamiyendo. Zala zawo zinapita pomwe paja, osafufuza. Zinayenda, kubwerera, kuyendanso.

"Iyi si yathu."

"Ndi yomweyo, azakhali. Ndaipala ndine. Ndimafuna kuigulitsa."

Achemwali: "Ndinakuuza chiyani iwe?" Azakhali anawakwezera dzanja.

Akuti agogo atabwera ku nkhondo anazokota ndi mpeni zilembo zoyamba za maina a anzawo amene sanabwerere. Asanu ndi awiri. Sankadziwa kulemba bwino, n'chifukwa chake zinali zokhotakhota. Kamodzi pachaka ankakhazika ana awo pansi, kugwira chala cha aliyense, kuchiyendetsa pachilembo n'kunena kuti uyu anali ndani. "Bambo ako ndiye ankawadziwa onse. Ine ndimadalira kugwira. Ndikagwira chilembo, dzina limabwera lokha."

Bambo anayesapo kundiuza zimenezi, ndakumbukira. Chaka chatha, kuchipatala, anayamba kuti "mfuti ija," ine n'kuti tidzakamba mukachira, ndikuthamangira kasitomala.

Azakhali sanandikalipire. Anapempha madzi akumwa. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 15 Juni

M'mawa azakhali anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, mfuti ili pamiyendo, tiyi pambali.

"Uli ndi cholembera?"

Ndinachotsa pensulo yakukhutu. Pepala linasowa, ndiye ndatsegula kumapeto kwa buku lino.

Maina anayi abwera msanga. Woyamba anali wophika wa gulu lawo, ankathira mchere ngati wakwiyira anthu. Wachiwiri ankaopa achule kuposa zipolopolo. Wachitatu ndi wachinayi anali pachibale, anafa tsiku limodzi. Ndalemba maina, ndalemba ndi zimenezi, ngakhale za achulezo. Achemwali aima pakhomo, sakundilankhulabe, koma ndi amene anandikonza kalembedwe ka dzina lachitatu.

Pa wachisanu azakhali aima. Chala chili pathabwa posalala paja. Tiyi wazizira, ndinati ndikawatenthetsere wina.

"Khala pansi. Anali wamanzere ameneyu, ankaimba mluzu. Dikira."

Ndikulemba izi ndili pansi pambali pawo. Milomo yawo ikuyenda.