Yankho la sefa linali langa

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 22. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndimasoka zovala pakhonde pa sitolo ina. Chaka chino ndayamba kuphunzira masana m'kalasi ya akuluakulu.

Aphunzitsi athu amabwera ndi dengu. Mumakhala sefa, kandulo, loko, chingwe ndi tina n'tina. Aliyense amatolamo chinthu chimodzi n'kufotokoza mmene chikufananira ndi zimene taphunzira. Anzanga amakondwa nazo, koma ine dengulo ndimaliopa.

Sabata yatha tinaphunzira za ziwalo za m'thupi, ine ndinatola sefa. Yankho ndinali nalo, koma nditaimirira mawu anandithawa. Ndinangokhala pansi n'kunong'oneza mayi amene timakhala benchi imodzi, omwe timawatcha a Wailesi chifukwa satseka pakamwa. Ndinati, "Impso zili ngati sefa, zimachotsa zoipa m'magazi." Iwo nyamu, n'kunena mokweza, kalasi yonse kuwaombera m'manja. Potuluka anandigwira paphewa n'kuti, "Achemwali, inu muziphika, ine ndizipakula!"

Ndinaseka nawo, koma kunyumba ndinalira. Tsopano aphunzitsi akuti Lachinayi aliyense adzayankha yekha kutsogolo, ndipo ine amandiona ngati wosamva kanthu. Chakudya sichikundilowa. Kodi ndingosiya?

E.C.

Mwana wanga E.C.,

Usasiye. Munthu wosamva kanthu sangaone impso m'sefa. Mutu uli nawo, chokuvuta ndi pakamwa basi, ndipo pakamwa pamazolowera ngati phazi pa makina osokera. Kodi tsiku loyamba msoko wako unawongoka?

Mawa ulawirire, ukawapeze aphunzitsi ali okha, uwauze kuti yankho la sefa linali lako. Uwapemphenso kuti Lachinayi uyambe ndiwe, chifukwa mantha amanenepa podikira. Ukamasoka, tola zimene zili pafupi, kaya singano, sizasi kapena ulusi, uzifanizire ndi phunziro lako mokweza mawu makina akulira. Palibe adzakumve, koma lilime lidzamasuka. Tsikulo udzagwire chinthucho ndi manja awiri, maso pa icho, n'kunena chiganizo chimodzi chokha. Mawu akanjenjemera, aleke anjenjemere, bola atuluke pakamwa pako.

A Wailesi usakangane nawo, koma usamuke pabenchipo. Ukapitiriza kuwaphikira, okhuta adzakhala iwo, iwe n'kutsala ndi mphika wotsuka.

Aphungu