Khutu la Bambo a Rute

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga mwaulemu. Kuno ku Maseya tadzuka bwino, ndipo mayi mwendo uja wasiya kutupa. Amene akundidetsa nkhawa ndi amuna anga, bambo a Rute.

Paja ku esiteti ntchito yawo ndi yoliza mota ya magetsi yopopa madzi a mu Shire kupita m'minda ya nzimbe. Akuti poyiliza amakankhira chogwirira m'mwamba, nkudikira kuti kulira kwake kusinthe, kenako nkuchitsitsa. Ukafulumira kapena kuchedwa, mota ikhoza kupsa. Tsono chidwalireni malungo aja, khutu lawo silikumva bwino, ndipo kuntchito sanauze munthu.

Lachiwiri nditawapititsira chakudya, ndinawapeza atagwira chogwirira chija, thukuta lili kamukamu. Anati, "Amake Rute, tamverani, yasintha?" Ine ndi mantha ndinangoti eya, osadziwa chomwe ndikumvera. Atatsitsa, mota inazima ndipo kunamveka fungo la waya wopserera. Akapitawo atayiona anati, "Lero yapulumuka. Koma masiku ano wootcha mota ya chitukuko sayankha kwa ine ayi." Mukudziwa kumene amanena: kwa akuluakulu a boma.

Inu mumagwira makina otere kumgodiko. Chonde ndilembereni ngati pali njira yodziwira ndi dzanja kapena powerenga manambala, osadalira khutu. Kalatayo idzere kutchalitchi m'dzina langa, isapite ku ofesi ya esiteti. Bambo a Rute sakudziwa kuti ndakuuzani.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati