Juzi ya Pei-shan

Loweruka, 14 Januwale

Kwatsala sabata imodzi kuti chaka chathu, chimene timawerengera mwezi, chithe. Chakudya chotsekera chaka, kwathu kuno ku Tainan, m'dziko la Taiwan, monga mwa masiku onse. Chaka cha 33 ndikuphika ine. Mawondo akudziwa okha.

Odzadya: apongozi, bambo a ana, mlamu wanga ndi mkazi wake Li-chu, ine, ndi mwana wanga wamkazi Pei-shan. Mlongo wake Kuan-ting sabwera. Akuti lesitilanti yake ku Canada yangotsegulidwa kumene, sangaisiye. Agogo ake atulutsa kale jekete yake ya kusukulu yoti tidzakoleke pampando, mbale ndi timitengo todyera patsogolo, monga timachitira munthu akakhala kutali. Jeketeyo ikununkha mankhwala a njenjete. Wochapa ndi ine, nanga ndani.

Pei-shan wapukuta mawindo onse. Chibwerereni muno ukwati wake utatha mu Seputembala, lero ndi pomwe ndamumva akuimba.

Lolemba, 16 Januwale

Zayambika.

Ndikusenda adyo, apongozi tswii pakhomo la khitchini ndi ndodo yawo. "Mayi a Kuan-ting, mtsikanayu mwamupezera kokadyera?" Ine kokadyera chiyani. Akuti mwana wamkazi amene anakwatiwa sadya kwawo tsiku lotsekera chaka, ngakhale tsiku loyamba. Amabwera lachiwiri, ngati mlendo. Akadya, wadya mwayi wa mlongo wake. Lesitilanti ija ikagwa tidzaloza ndani?

Ndati Amayi, ukwatiwo unatha, kwawo ndi kuno. Akuti anatuluka pakhomo pano titafukiza lubani, makolo akale anatsanzikidwa, basi.

Ana ndinabereka awiri, koma kwa iwo ndine mayi a Kuan-ting.

Ndauza bambo ake. "Amayi mwawadziwa lero? Ndi tsiku limodzi lokha." Ndi masiku awiri. Ngakhale kuwerenga kukuwakanika. Atero n'kukweza wailesi yakanema. Munthu ameneyu nyumba itayaka angayambe wafunafuna masilipasi.

Lachiwiri, 17 Januwale

Kumsika kosaponda. Zigongono m'nthiti kuyambira pageti. Nsomba ndasungitsa kwa mayi wa pakona uja, yaikulu, yoti tidye mbali imodzi ina itsalire chaka chatsopano. Mwendo wa nkhumba. Nkhuku yathunthu, mutu ndi zipalapasiro zomwe. Mpiru wautali. Makala a kambaula ka pansi pa tebulo.

Li-chu waimba. Akuti adokotala amuletsa zamafuta. Chaka chatha theka la mwendo wa nkhumba linathera mwa iye yekha, lero zamafuta. Adzabweretsa malalanje, chaka ndi chaka malalanje, kenako n'kukhala pasofa kumandiuza kuti supu yachepa mchere.

Pomaliza akuti, "Za Pei-shan zija amayi akunena zoona, achemwali. Masiku ano kuli mahotela abwinobwino." Kani nkhani inatha kale kukambidwa ine ndili kusinki.

Ndadula foni osatsanzika. Ndikanakonda ikanakhala foni yakale ija, yomenyetsa.

Lachinayi, 19 Januwale

Pei-shan wamva. M'nyumba muno makoma ake ndi apepala.

Wasungitsa yekha chipinda pakahotela ka kusiteshoni, masiku awiri. "Musavutike Amayi, ndakula. Ndidzagula chakudya cha m'katoni, ndidzaonera kanema." Uku akuseka. Kuseka kumeneko ndikukudziwa. Ndi komwe ankaseka zaka zinayi zonse ndikamufunsa ngati kubanja kuli bwino, ine n'kumakhulupirira chifukwa kukhulupirira kunali kophweka.

Tatha tsiku lonse tikuphika zigumu za mpunga. Zake zafufuma n'kung'ambika bwino pamwamba, zanga phwatalala. Apongozi azitembenuza uku ndi uku: "Mwanayu manja ake ndi abwino." Manja ndi ololedwa, pakamwa ndiye ayi.

Madzulo ndikuwasisita miyendo apongozi andiuza chimene sanandiuzepo. Ali ndi zaka 19, amuna awo atawamenya, anathawira kwawo tsiku loyamba la chaka. Mayi awo anawapakulira mpunga. Chaka chomwecho abakha onse a mchimwene wawo anafa, mazana anayi. Mudzi wonse unaloza iwo, mchimweneyo anamwalira osawalankhulanso. "Sindifuna mwanayu adzasenze zimene ndinasenza ine."

Abakha amafa ndi chitopa, safa ndi mbale ya mpunga. Zinafika pakamwa, ndinameza. Timiyendo tawo ngati timitengo todyera. Ndakwiya, koma sindikudziwanso kuti ndikwiyire ndani, ndiye zikundipsetsanso mtima.

Lachisanu, 20 Januwale

Ndaimbira Kuan-ting kuti mwini mwayiyo alankhule yekha. Kwa ine: "Zachikale zimenezo Amayi, adye basi." Ndapereka foni kwa agogo ake. Ndikungomva "eya Agogo, chabwino Agogo, mukudziwa ndinu Agogo." Mwana wa bambo ake weniweni.

Mapepala ofiira a mafuno abwino tamata pakhomo. Bambo a ana amata lina mopendekeka, wakonza ndi Pei-shan. Wakolopa, wasita jekete ya mlongo wake, wapukuta zithunzi za makolo omwe akuti anawatsanzika aja.

Tsiku lonse ndakhala ndikuganiza za amayi anga. Anabereka atsikana okhaokha atatu. Bambo atamwalira, zaka 11 ankadya okha tsiku lotsekera chaka, ife aliyense ali kukhitchini kwa apongozi ake. Tikapita tsiku lachiwiri la chaka ankati, "Ndinadya bwino, ndinakhuta." Nsomba tinkaipeza yosakhudza. Sindinafunsepo.

Mpiru ndatsuka katatu, mchenga sukutha.

Loweruka, 21 Januwale, cha m'ma 4

Ndikulemba chiimire, kope pamwamba pa firiji.

Pamoto kuyambira mbandakucha. Nsembe za makolo tapereka masana. Li-chu wafika ndi malalanje ake, ali pasofa.

Pei-shan wanyamuka 3 koloko ndi kachikwama. Anagwada kutsanzika agogo ake, iwo maso kukhoma. Bambo ake anali "kukaona makala." Ine ndinamupatsira zigumu ziwiri m'pepala ngati ndikupereka kwa wopempha pageti. Manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala.

Tebulo ndayala. Mbaula pansi. Mipando isanu ndi umodzi, wachisanu ndi chimodziwo wavala jekete. Munthu ali kutsidya kwa nyanja ali ndi mpando, mbale, timitengo. Amene wakolopa pansi pa mpandowo akadyera pabedi la eni ake.

Li-chu wangokuwa kuti supu ifika nthawi yanji.

Inenso pajatu ndine mwana wamkazi wa nyumba ina. Poto wa supu ali ndi chivundikiro chothina. Njinga yamoto ili ndi mafuta.

Lamulungu, 22 Januwale, m'mawa

Ndinachitadi.

Ndinaika zonse patebulo, nsomba pakati. Onse atakhala, ndinavula epuloni n'kuikoleka pampando wanga, mbale ndi timitengo n'kuziyala bwinobwino patsogolo pake. Ndinati, "Munthu akakhala kutali timatero. Idyani." Bambo a ana kukamwa yasa. Li-chu akuti nanga wotipakulira ndani. Ndinati manja muli nawo, achemwali, adokotala sanaletse zimenezo.

Poto pakati pa mapazi, mpiru m'jumbo, ulendo wa kusiteshoni. Supu ina inatayikira m'nsapato pokhota.

Pei-shan anatsegula chitseko ali ndi katoni ya mpunga wozizira m'manja, maso otupa. "Amayi, mwapenga?" Ndinati mwina, tenga makapu. Tinamwera supu m'makapu a hotela. Mpiru tinadya wautali osaudula ndi mano, kuti tikhale ndi moyo wautali, iye anatsamwa, tinaseka mpaka misozi. Kuseka kwenikweni. Kenako misozi yokhayokha. Ndinamupepesa za zaka zinayi zija, akuti panalibe chopepesa, ndinati khala chete ndipepese.

Ndagona komweko. Zaka 33, koyamba kulowa chaka osatsuka mbale.

Ndafika kunyumba 7 koloko, mtima uli m'mwamba, mayankho ndakonzeratu panjira. Tebulo lili momwe analisiyira, mafupa ponseponse. Nsomba adya mbali imodzi, mwambo wokhawo ndiwo ausunga. Koma mipando ndawerenga isanu ndi iwiri. Wina ndi wa kukhitchini uja wogwedera. Pamenepo juzi yobiriwira ya Pei-shan, manja ake atapindidwa bwino, mbale ndi timitengo patsogolo. M'mbalemo ntchafu ya nkhuku.

Ndafunsa bambo ake. Akuti si iwo. Akuti nditangotuluka amayi awo anadzuka n'kukwera masitepe kupita kuchipinda cha mwanayo. Masitepe amene sanawakwere zaka ziwiri. Anakana kugwiridwa. Anatsika chokhala, sitepe imodzi imodzi, juzi ili pakhosi. Ndipo palibe anadya mpaka mpando utabwera.

Ndiye juzi yadya kwawo, mwini wake wamwera supu m'kapu ya hotela. Nzeru zake ndi zimenezo. Ndimafuna kukalipa, ndapezeka ndili m'bafa ndatsegula mpopi kuti asandimve.

Apongozi andiwona ndikutuluka. Sanatchule za dzulo. Angoti, "Anadya?" Ndati anadya. "Mpiru?" Ndati ndi mpiru womwe. Agwedeza mutu.

Chimene sindinauze aliyense: ndamuuza Pei-shan abwere lero 12 koloko. Lero, loyamba, osati mawa. Anakana, ndinati ukapanda kubwera ndibweranso ndi poto. Lesitilanti ikagwa adzaloze ine, msana ndili nawo.

Mbale zikundidikira. Li-chu wasiya makoko a malalanje pasofa, malalanje omwe anabweretsa yekha.

Lamulungu lomweli, masana

12 koloko geti linalira. Bambo a ana anandiyang'ana, Li-chu anayang'ana apongozi. Pei-shan anaima pakhomo ndi kachikwama kake, nsapato osavula, phazi limodzi kunja.

Apongozi anayang'ana juzi ija pampando. Anachita mantha, ndinawaona. Ine mawu ndakonza kale, mpaka ena oti sindikanadzawabweza.

Kenako akuti, "Mayi a Pei-shan, chotsani juziyo pampando. Munthu akhala bwanji?"

Mayi a Pei-shan.

Akundiitana, akuti supu yachepa, ndani anatha supu. Ndikatenthetse nsomba