Mchenga m'chitini cha tiyi

Lolemba, 7 Epulo 1975, Highfield

Katundu ndamanga. Mawa sitima ya ku Beira, kenako ya pamadzi. Ine amene ndimaopa ndi kamtsinje ka Mukuvisi komwe.

Amayi andipatsa chitini cha tiyi chopanda kanthu. Ati ndikapeza manda a mlongo wanga Marcos nditape dothi, tidzaike kuno, timete, mtima wao ukhale pansi. Chaka chachitatu chino. Marcos anangopita ku Tete kukalira amalume, Apwitikizi n'kumutola pamsewu. Akaidi anzake anamasulidwa chaka chatha, mmodzi ndiye anatiuza za linga la pachilumba. Marcos yekha zii.

Mapepala a ulendo andisakira ndi amuna anga a Yoramu, kukampu kwao. Ubwino wokwatiwa ndi wapolisi, amatero anthu. Pondipatsa ati, "Zimene ukaone uko, usankhe zondiuza. Ndikamva kanthu n'kubisa, chingwe n'changa." Anatero akupukuta nsapato, osandiyang'ana.

Lachitatu, 16 Epulo, pachilumba

Ndafika m'mawa pabwato lathanga. Mwini bwato wandiuza ndi manja kuti madzi akayamba kuphwa ananyamuka, kaya ndilipo kaya palibe.

Malo odabwitsa. Nyumba zamiyala zazitali, zitseko zosemasema, koma eni ake anathawa. Mizu ya kachere ikung'amba makoma. Mbuzi pakhonde la bwanamkubwa. Galimoto palibe. Wailesi palibe. Kwathu umadzuka ndi phokoso la mabasi ndi agalu, kuno ndimamva mapazi anga okha. Sindinakonde.

Amuna ali pansi pa mtengo kusoka maukonde. Nsomba zoyanika pamchenga, ntchentche mbwee. Akazi nkhope zopaka zoyera mbuu. Ndinachita kubwerera m'mbuyo, ndimati ndalowa pamaliro. Ati n'zokongoletsa khungu basi.

Linga lili kumapeto, moyang'ana nyanja. Chipata chili pululu. M'kati kafungo kamene sindingakatchule. Zipinda zazing'ono, makoma okandakanda ndi misomali. Ndinafunafuna dzina lake, sindinalipeze. Kuseri kuli milu ya mchenga yopanda mitanda. Ndinaima ndi chitini changa ngati chitsiru. Nditape pati?

Potuluka, mayi wina wosenza dengu anandiyang'anitsitsa. Kenako ati, "Maswera bwanji, sisi?" Chinyanja cha ku Highfield chenicheni, pakamwa pa munthu amene sanatulukepo pachilumba. Dzina lake Amália. Ati ndazindikira mpata wa manowo, ngati wa Marcos.

Anandikokera kunyumba kwake, n'kundipatsa mpunga wa kokonati. Ndiye anayamba kufotokoza. Ankagulitsa nsomba pachipata cha linga, ndimo anadziwirana ndi Marcos. Atamasulidwa Marcos anakhala kwa iye mpaka mvula itayamba, kusoka maukonde, kunenepako. Kenako kunabwera anyamata atatu olankhula Chishona. Anapita nao kutchire, kukalowa nkhondo ya ufulu.

Ali moyo. Ndinaseka, ndinalira, ndinamupsinja mayiyo mpaka zoyera zija zinandipaka patsaya.

Ndiye anaonjeza. "Anati akaona mayi ake kaye, asanayambe ntchito. Anati adzalowa masana, ngati mlendo wamba, palibe adzadziwe."

Mayi ake amagona chipinda choyandikana ndi cha wapolisi. Marcos sadziwa. Anachoka ndisanakwatiwe.

Mluzu wa mwini bwato. Ndinathamanga. Pagombe ndinawerama n'kudzaza chitini ndi mchenga wamba, wopondapo nkhanu. Amália anandiona. Anangotembenuka.

Loweruka, 26 Epulo, Highfield

Ndawauza amayi ndi a Yoramu kuti Marcos anafa ndi malungo, manda ndinawaona. Pakamwa sipananjenjemere n'komwe, ndadzidabwa. Ndikanati ali moyo, amayi sakanasunga. Chimwemwe chao chimafika kumasitolo a ku Machipisa iwo asanavale mpango. Ndipo a Yoramu akanatani?

Amayi afukata chitini ngati khanda. A Yoramu anachitsegula, kufikisa mchenga pakati pa zala, nthawi yaitali. Ati, "Woyera bwino." Basi.

Lamulungu, 4 Meyi

Taika dzulo. Kabokosi kakang'ono, m'kati chitini ndi malaya ake a kwaya. Mzere wathu wonse unabwera, ndi a ku Mabvuku omwe. Chithunzi chake chinayenda dzanja ndi dzanja, aliyense kuchiyang'ana n'kupukusa mutu. Izi sindinaziganizire. Amene anali atamuiwala nkhope, tsopano akuidziwa. Anzao a a Yoramu a kukampu anabweranso, ananyamula nao kabokosi.

Lero tameta. Mutu wa amayi waung'ono, wa mitsempha. Ati tsopano ndigona tulo. Ine lumo likudutsa ndimangoti Mulungu amuchedwetse, nkhondo imutengere kwina. Mlongo wanga weniweni, ndikumupempherera zimenezo. Ndadzida.

Lachisanu, 9 Meyi

Ku Machipisa kogula mafuta a nyale. Patsidya pa msewu munthu wa jekete lalikulu, chipewa chotsitsa, akusenda nzimbe. Kaimidwe ka Marcos. Phewa lakumanzere lotsika lija. Basi inadutsa pakati pathu, itapita iye palibe. Kapena ndi maso anga. Botolo ndaliiwala pakauntala.

Ndafunsa amayi mozungulira kuti munthu amene mwamulira kale atatulukira mumatani. Ati salowa m'nyumba. Mumakuwa, anthu asonkhane, amuwaze phulusa pabwalo onse akuona, apo ayi ndi mzukwa. Ati bwanji ukufunsa zoopsa.

Loweruka, 10 Meyi

A Yoramu sanapite kuntchito. Ali pakhonde ndi anzao awiri aja, nsapato zili pa nyuzipepala. Amayi akusesa pabwalo. Ndayesa kuwatuma kumsika, akana, ati wofedwa sayendayenda.

Ndakhala pazenera chiyambire m'mawa. Ndikangomuona Marcos pakona ndithamange, ndikamubweze asanafike. Ndikawauza amayi tsopano akuwa. Ndikapanda kuwauza akuwabe.

Sanadzere kukona. Wadzera kanjira ka kuseri kwa aneba athu a Luisa, kamene tinkadzera tili ana. Wavula chipewa. Akumwetulira.

Tsache lagwa. Amayi atsegula pakamwa