Samu Imene Malemu Amuna Anga Anachonga Molakwika

Aphungu,

Foni ya kuchipatala inandipeza ndili pamakwerero, ndikubwezera mabuku pashelefu kulaibulale komwe ndimagwira ntchito. Namwino anangoti, "Mayi, bwerani," ndipo ndinadziwiratu. Patha milungu itatu chimwalirireni amuna anga, omwe anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri.

Sindinalire ndekha, ndipo ndikuthokoza. Aphunzitsi anzawo amabwerabe kudzandiona. Ana awo a sukulu akale, ena a imvi kale, anadzaza pabwalo.

Vuto langa lili patebulo lawo. Anasiya makope makumi anayi atachonga theka, cholembera chofiira chili m'kati mwa kope lomwe analekezera. Ahedi apempha makopewo chifukwa mayeso ayandikira. Powalongedza, maso anga anagwa pa samu iyi: 7 − 3(x − 2). Ana olemba 1 − 3x anawachonga, olemba 13 − 3x anawathetha.

Ine ndine wa mabuku a nkhani, koma ndinkawamva akukonzekera phunziro. Ankati, "Mainasi akaima pakhomo la bulaketi, amapereka moni kwa aliyense m'nyumbamo, osati woyamba yekha." Ndikayesa n'kulakwitsa ankaseka, amvekere, "Amayi a mabuku, wachiwiriyo mwakwiya naye?"

Ndaibwereza kasanu. −3 kuchulukitsa ndi −2 ndi +6, ndiye 7 − 3x + 6, yankho n'kukhala 13 − 3x. Analakwitsa ndi iwo. Mlungu womalizawo mutu unkawapweteka kwambiri, koma makopewo anakana kuwasiya.

Ndikaulula, sukulu yonse idziwa kuti ntchito yawo yomaliza inali yolakwika. Ndikakhala chete, ana asanu ndi anayi omwe anakhoza adzakalowa mayeso akuganiza kuti analakwa. Nditani?

R. N.

Mayi R. N.,

Pepani kwambiri ndi zovutazi. Samuyo mwakhoza. Mukafuna kutsimikiza, ikani 2 m'malo mwa x. M'bulaketi mutsala 0, ndiye funsolo lipereka 7. Yankho lanu, 13 − 6, liperekanso 7. Linalo, 1 − 6, lipereka −5. Apa palibe zokayikitsa.

Tsono ululani. Kukhala chete sikuwateteza malemuwo. Munthu amene anakana kusiya makope mutu ukuwawa sakanalola kuti mwana akalephere pofuna kusunga ulemu wake. Ndipo musaiwale ana khumi ndi mmodzi omwe anachongedwa. Iwowo ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa akukhulupirira njira yolakwika.

Chitani izi mawa lomwe. Lembani samuyo papepala, mzere ndi mzere, monga mwandilembera ine. Ikani kapepala pa tsamba la samuyo m'kope lililonse. Kenaka pitani nokha kwa mkulu wa aphunzitsi a masamu, osatumiza munthu, mukamuuze kuti bambo anali akudwala. Mupempheni abwereze phunzirolo m'kalasi, agwiritse ntchito mawu omwewo a moni pakhomo la bulaketi. Anawo adzawazindikira.

Chenjezo langa ndi ili: musafufute zimene iwo analemba, ndipo musachonge nokha makope otsalawo. Imeneyo ndi ntchito ya aphunzitsi, inu yanu ndi kulira ndi kupuma. Cholembera chofiiracho musapereke.

Mukukhala ngati mwapeza cholakwa chawo, koma amene anakuphunzitsani kuchiona ndi iwo omwe. Chatsala ndi makope makumi anayi, ana amene akudikira yankho loona, ndi mkazi wawo amene akulidziwa.

Aphungu