Dziwe la a Moffat Layera

Ku esiteti ya a Moffat,
Mtunthama,
Kasungu.
19 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Duncan,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Tithokoze. Ife kuno tikudzuka, kungoti dzuwa la chaka chino likuchita ngati tinalilakwira. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Mukaimba Lamulungu atate amakhala pompo khutu lili tcheru, ndipo zimene ndikufuna kunenazi sizoyankhula iwo akumva. Ndapatsira Prosper wa kwa a Nthanda, amene akukwera basi Lachiwiri.

Lamulungu lapitali munandifunsa za dziwe losambira la bwana wanga, ine n'kungoti layera. Sindinaname. Layera moti mutaponyamo singano mukhoza kuiona pansi. Zaka zonse mwakhala mukutsuka maiwe a azungu kumeneko sizinapite pachabe, nzeru zanu zagwira ntchito. Koma nkhani ili ndi mutu wake, ndipo mutuwo ndinakubisirani.

Bwana Moffat atabwerera ku Lilongwe mu Epulo, pampu ya dziwe inapsa ndi kuthimathima kwa magetsi. Ndinawauza, iwo n'kuti tiona. Munthu wolemera akati tiona, ndiye kuti yatha. Pofika Julayi madzi anali atabiriwira, ndere zitayala pamwamba ngati bulangete, achule atamangamo mudzi. Ine ndinkangosesa masamba m'mbali n'kumadikira malipiro anga.

Kumudzi zinthu mukuzidziwa. Chimanga chinapserera m'munda, nkhokwe inauma kalekale, ndipo mlongo wathu Goodness ndi ana ake akudya pakhomo pa atate. Chiyembekezo chonse chinali pa fodya. Atate anafesa nazale yawo mu Seputembala, mabedi atatu, kuseri kwa mpanda wa esiteti kuja. Sabata isanathe chitsime cha kudambo chinauma. Anakumba mpaka khasu linagunda thanthwe. Kumjigo wa kusukulu akomiti analetsa kutunga madzi a nazale, ndipo sindiwada, pakuti azimayi akumakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha ndowa imodzi.

Tsiku lina ndinawapeza atate ataima pakachipata kakumbuyo, akuyang'ana dziwe.

"Iwe Esau, madzi amenewa akudikira ndani?"

"Ndi a bwana, atate."

"Bwana wakoyo ndi chule?"

Ndinaseka, n'kuwatsegulira. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa ndi madzulo ndi makeni othirira awiri aja munawatumizira, n'kumakankha ndere ndi dzanja, n'kutunga. Munthu wamkulu ngati uja, msana uli wopindika, koma osalola kuti ndimunyamulire. Ndipo achimwene, mbande zinakondwa nawo madzi onyansawo! Zinamera mothithikana, zobiriwira bwino, masamba atafika ngati khutu la mbewa. Anthu a nazale zouma ankadzaima n'kumapukusa mitu. Atate anayambanso kuimba nyimbo za kwaya pothirira, zimene anasiya chimwalirireni amayi. Ankati chaka chino chigafa chidzadzaza, ana a Goodness sadzagona ndi njala kawiri.

Kenako foni inalira. Bwana akuti akubwera patchuthi cha Tsiku la Anakubala ndi madamu, ana, amayi awo ndi anzawo a kutauni, kudzatsegulira nyengo yosambira. "Esau, ndikafika ndilipeze labuluu." Mawa lake kunabwera makaniko ndi pampu yatsopano ndi ndowa za klorini. Kupopa madzi onse n'kuthira ena sikukanatheka, chifukwa mjigo wa esiteti nawo ukungodontha. Ndiye chifukwa chake ndinakuimbirani, ndipo mau anu aja ndikadali nawo m'foni: pala zipupa ndi burashi, vuula ndere ndi ukonde, thira klorini mopanda chisoni, kuwirikiza muyezo, onjezera ufa wabuluu uja wopha ndere, pampu isazime. Simunadziwe kuti madziwo ali ndi mwini wake wina. Sindinakuuzeni, poopa kuti mungandikalipire kuti ndikusewera ndi ntchito.

Musandiyese chitsiru chenicheni. Ndisanathire kanthu ndinadzaza mgolo ndi madzi obiriwirawo n'kukausiya panazale. Mgolo unalipo umodzi wokha, ndipo ndinadziwa kuti ndi dzuwa ili sufika patali. Ndinkati podzatha ndidzakhala nditaganiza china. Sindinaganize kanthu.

Ntchito yake ndi yonyansa, inu mukuidziwa. Ndinavuula ndere mawilibala osawerengeka, zoterera, zonunkha ngati dambo lovunda. Ndinapala zipupa mpaka m'manja munatuluka matuza. Nditathira mankhwala, achule anayamba kulumphira kunja, ena n'kuyandama mimba zoyera zili m'mwamba, mbululu n'kungoti mbwee m'makona. Madzi anasanduka ngati mkaka, kenako pang'onopang'ono pansi panayamba kuoneka. Fungo lake linkalasa m'maso uli patali.

Ndinapita kwa atate n'kukhala pansi bwinobwino.

"Atate, kudziwe kuja musakatungenso. Ndathiramo klorini."

"Klorini? Yemwe uja anatigawira a zaumoyo nthawi ya kolera?"

"Dzina ndi lomwelo, koma uyu ndi waukali, ndipo muli mankhwala enanso."

"Tinamwa tonse ameneyo, ndi makanda omwe. Iwe ukuti cholowa m'mimba mwa khanda chingaphe fodya? Mbande zanga zamwa madzi a achule osafa, ndiye zikafe ndi madzi oyera?"

"Zipsa, atate. Ndikunena zoona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ingonena kuti alendo ako akubwera, sukufuna aone nkhalamba yopanda nsapato pakapinga wa bwana. Usanamizire mankhwala."

Mau amenewa anandibaya, achimwene, chifukwa ngakhale sanali oona onse, sanalinso abodza onse. Ndinanyamuka n'kubwerera kuntchito.

Lachinayi masana madamu anatumiza uthenga kuti ndikagule makala ndi zakumwa pa Mtunthama. Potuluka ndinaima pakachipata kaja loko ali m'manja. Ndinamuyang'ana lokoyo, n'kukumbukira nkhope ya atate. Kodi ndani anatsekerapo bambo ake chipata ngati wakuba? Ndinati m'mtima, amva, angokwiya chabe. Ndinamuika m'thumba n'kukwera njinga. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa.

Pobwera ndinapeza mapazi onyowa pasimenti, opanda nsapato, chala chachikulu chopotoka cha atate chija chikuoneka bwinobwino. Anali ambiri, opita ndi obwera. Ndinataya njinga ndi makala omwe n'kuthamangira kunazale. Ndinawapeza akumaliza bedi lachitatu, akumwetulira.

"Waona, Esau? Akununkhira chipatala. Fodya wa chaka chino sadzadwala."

Ndinagwira mgolo uja kuti mwina nditsukuluze mabedi, koma munali mouma. Ndinathamangira kumjigo wa esiteti, ndowa sinafike ndi theka lomwe. Ndinathira timadzi timeneto pakona ya bedi limodzi, atate akundiseka kuti ndapenga.

M'mawa mwake masamba anali atayera m'mphepete. Pofika masana mbande zinagona ngati ndiwo zofutsa. Atate anati ndi dzuwa, nakamweta udzu wina kudzaphimbira. Loweruka anachotsa udzuwo, anayang'ana bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu, kenako anakhala pansi padothi miyendo atatambasula ngati mwana. Sanalire. Ine ndi amene ndinalira, ndipo sindichita manyazi kukuuzani. Pakona paja ndinathira madzi patsala timbande tokwana m'chipewa.

Mwina muti afesenso. Mbewu ikhoza kupezeka, koma madzi ali kuti? Ndipo nthawi yatha. Mbande zimafuna miyezi iwiri, pomwe mvula ikakomera mtima imagwa kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndinapalasa njinga mpaka kwa Lukwa kukapempha zotsala kwa anthu, koma aliyense nazale yake ndi yoperewera, akuti tidzaona pookera. Goodness wayamba kale kuyenda m'minda ya eni kufunsa ganyu. Madzi akatayika saoleka.

Lachiwiri alendo anafika magalimoto ali ndondondo. Ana anadumphira m'dziwe zovala zili m'thupi, akukuwa ndi chimwemwe, madzi n'kumatayikira pakapinga. Ine ndinkaotcha nyama n'kumawerenga m'mutu kuti amene atayikawo ndi makeni angati. Bwana anandigwira paphewa pamaso pa anzawo nati, "Uyu ndi katswiri, dziwe linali dambo ili." Anandipatsa mbale yodzaza nyama. Amayi awo a bwana, munthu wachifundo ndithu, anandifunsa kuti maso afiira ndi chiyani. Ndinati ndi klorini, amayi. Nyamayo ndinapita nayo kunyumba, ana anadya, atate anati mano akuwawa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti atate sanandikalipire. Akanandimenya ndi mpini bwenzi ndikupuma bwino. Anthu akabwera kudzawapepesa amangoti, "Mwana anandiuza, ine ndi amene sindinamve." Za loko uja sakudziwa, mukudziwa ndinu nokha. Makeni aja anawatsuka n'kuwapachika pamtanda wa chigafa, koma m'mawa uliwonse amapitabe kunazale chimanjamanja, n'kukaima. Aonda, achimwene. Jekete lija munawagulira likuchita kulendewera.

Bwana akuti dziwe likhale loyera mpaka mvula itagwa, choncho Lolemba lililonse ndizithira mankhwala. Ndizithira, nanga nditani, poti pakhomo paja malipiro atsala ndi angawa. Kachipata kaja tsopano ndimakhoma, ngakhale palibe amene amabwera.

Pempho langa ndi ili. Ngati abwana anu angakuloleni, bwerani pa Khirisimasi, musadikire kuti tikuitaneni ndi uthenga wina. Mukatha kutumiza kangachepe ka chimanga, tumizani kwa Goodness mwakachetechete. Ndipo musadziimbe mlandu chifukwa cha malangizo aja. Inu munayankha zimene ndinafunsa.

Goodness akupereka moni, ndi ana omwe. Mundiperekere moni kwa alamu. Atate andipeza ndikulemba pakhonde pano, ndipo nditabisa pepala aseka pang'ono, koyamba sabata yonseyi. Akuti, "Ukulembera Duncan? Umuuze kuti asade nkhawa ndi kuno, agwire ntchito. Umuuze kuti makeni ake ndi olimba, ndipo mbande zamera bwino chaka chino."

Ndiye ndakuuzani, achimwene. Mukaimba, muwayamikire.

Ndine mng'ono wanu,
Esau