Waya wa buleki pa makina a udzu

Lachitatu, pakati pa Febuluwale

Lero ndalankhula mpaka kukhosi kuuma. Chingwe cha makina otchetchera udzu pachipatala pano chatha, ndiye a Namathanga, osamalira pabwalo, amangapo waya wa buleki ya njinga. Chotchingira cha makinawo achichotsanso, ati chimawachedwetsa. Ndawapeza akutchetcha atavala patapata, magalasi oteteza maso ali pachipumi.

“Adokotala, wayayu sakutha msanga ngati chingwe chanu chija,” atero akuseka. “Mukuopa chiyani?”

Ndawaonetsa kachidutswa ka waya kamene ndazula pachitseko cha chipinda cha mankhwala. Kalowa m'thabwa ngati msomali, pomwe pangafike nkhope ya mwana wongoyamba kuyenda. Iwo angoti, “Mwayi wake chitseko chilibe maso.”

Mawa ndi tsiku la sikelo. Amayi adzakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ana awo, ndipo a Namathanga akuti adzamalizira pomwepo m'mawa anthu asanachuluke. Asanachuluke! Ndachotsa pulagi ya injini ya makinawo, ili m'thumba la malaya anga, ndipo ndawasiyira chikwakwa pakhomo pawo. Koma mwana wawo amakonza njinga zamoto kwa Nazombe, ndipo mapulagi ali nawo ambirimbiri...